Madzi a m'maselo ndiwo amafikitsa ukali wa radiation pa DNA

Akatswiri a sayansi adapeza kuti cheza champhamvu cha radiation, monga cha X-ray, chikalowa m'thupi la munthu nthawi zambiri chimawononga maselo kudzera m'madzi amene ali m'maselomo.

Pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a selo ndi madzi. Choncho mphamvu yambiri ya chezachi imathera m'madzi isanakhudze DNA, ulusi umene umasunga malangizo a chibadwa cha munthu.

Molekyu ya madzi ikagundidwa ndi cheza imasweka n'kutulutsa ma elekitironi komanso tizidutswa tolusa totchedwa hydroxyl. Tizidutswati timatha mphamvu m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi, koma tikapangika pafupi ndi DNA timaidula. Pa kuwonongeka konse kumene X-ray imadzetsa pa DNA, pafupifupi magawo awiri mwa atatu amachitika m'njira imeneyi.

Mpweya wa okosijeni wosungunuka m'madziwo umakulitsa vutoli kaamba koti umamatirira pamalo povulala, ndipo selo limalephera kukonzapo. M'chaka cha 1953, Louis Harold Gray wa ku Britain ndi anzake adasonyeza kufunika kwa mfundoyi pochiza khansa. Maselo osowa okosijeni amafuna cheza chochuluka pafupifupi katatu kuti afe, n'chifukwa chake zotupa zina zimavuta kuchiza.

Komabe madzi omwewo amatetezanso. M'chaka cha 2000, gulu la Léon Sanche ku yunivesite ya Sherbrooke m'dziko la Canada lidapeza kuti ngakhale ma elekitironi ofooka kwambiri amadula DNA youma. Koma mu 2016, ofufuza a ku Prague m'dziko la Czech Republic adasonyeza kuti mamolekyu ochepa chabe a madzi akazinga thymine, chimodzi mwa zigawo za DNA, chigawocho sichisweka msanga chifukwa madziwo amalandirako mphamvu ya elekitironi.

Izi zikutanthauza kuti zotsatira za kafukufuku wa DNA youma sizingagwiritsidwe ntchito mwachindunji pa thupi lamoyo. Kumvetsa bwino mbali ziwiri za madzizi kungathandize madokotala kupereka mlingo wopha khansa popanda kuwononga kwambiri maselo abwino, komanso kuthandiza akuluakulu okhazikitsa malamulo oteteza ogwira ntchito ndi makina a radiation.