Njanji ya Ana ku Budapest

Ambiri a ife tikamva za njanji tiganiza za amuna aakulu amene akalambira pa ntchito imeneyo. Koma ku Hungary, dziko la pakati pa Ulaya, kuli njanji ina imene antchito ake ambiri ndi ana a sukulu a zaka 10 kufikira 14. Sitima yake si yoseweretsa ayi. Inyamula anthu enieni amene alipira ndalama zawo, ndipo itsata malamulo onga a sitima zazikulu. M'nkhani ino ndifuna kulongosola m'mene njanjiyi iyendera, ndiponso chifukwa chimene makolo saopa kukwera sitimayo pamodzi ndi ana awo.

Mzinda wa Budapest, umene uli likulu la Hungary, wagawika pawiri ndi mtsinje wa Danube. Tsidya la kum'mawa, lotchedwa Pest, ndi la chigwa. La kumadzulo, lotchedwa Buda, ndi la mapiri ndi nkhalango. M'mapiri amenewa ndimo mupita njanji ya ana. Iyambira pa Széchenyi-hegy nikathera pa Hűvösvölgy, mtunda wopitirira pang'ono makilomita 11, ndiwo ngati mamailosi 7. Njanjiyo ndi yopapatiza, pakuti pakati pa zitsulo zake ziwiri pali mamilimita 760 okha, pamene ya kuno kwathu ili ndi 1,067.

Chigawo chake choyamba chinatsegulidwa pa 31 Julayi 1948, zitapita zaka zitatu chithere nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo njanji yonse inatha kumangidwa mu 1950. Nzeru yomanga njanji zotere inachokera ku Soviet Union, kumene anaziyamba m'zaka za 1930. M'masiku a boma la chikomyunizimu ana a sukulu a ku Hungary anali kulowa gulu la achinyamata lotchedwa Úttörő, ndipo njanjiyo inatchedwa ndi dzina la gululo. Inalinso kunyamula ana opita ku msasa waukulu wa gululo pa Csillebérc. Boma lija litatha, dzina linasinthidwa mu 1990 nilikhala Gyermekvasút, ndiko kunena Njanji ya Ana. Mu 2015 buku la Guinness World Records linailemba kuti ndiyo yaitali kopambana mwa njanji zonse zoyendetsedwa ndi ana.

Tsono tiyeni titsate banja limene lapita kukakwera sitimayi tsiku lopuma. Atate akafika pa zenera logulirapo matikiti, amene awalandira ndi mwana wovala yunifomu ndi chipewa cha njanji. Iye awerenga ndalama, nabweza chenje, napereka matikiti. M'bogi mulowa mwana wina, kondakitala, amene ayang'ana tikiti ya munthu aliyense, ya agogo ndi ya mwana mnzake yomwe. Nyengo yotentha pakhala mabogi opanda magalasi, kotero kuti mphepo ya m'nkhalango iwomba m'katimo. Nyengo yozizira banja likhala m'bogi yotsekeka ndi yofunda. Sitima ikamanyamuka, ana a pa siteshoni aima chilili nachita saluti.

Ulendo wonse sutha ola lathunthu, koma mabanja ambiri atsikira pa njira. Ena atsika pa siteshoni ya János-hegy nakwera phiri la dzina lomwelo, limene lili lalitali kopambana m'Budapest, mamita 527. Pamwamba pake pali nsanja yoonerapo mzinda wonse. Ena atsika pafupi ndi Normafa kukadyera kamba wawo pa udzu. Amene apitirira aloŵa mu mphanga yokumbidwa m'phiri, ya mamita pafupifupi 200, nafika pa Hűvösvölgy, pamene pali kanyumba kosungiramo zakale za njanjiyi.

Koma ntchito yolemera koposa ndi imene okwera saiona. Njanjiyi ndi ya mzere umodzi, ndipo sitima yokwera ndi yotsika zingapatukirane pa siteshoni pokha. Sitima ziwiri zitalowa m'chigawo chimodzi nthawi yomweyo, zikhoza kugundana pakati pa nkhalango. Chifukwa cha ichi, mwana woyang'anira kayendedwe ka sitima, amene azindikirika ndi chipewa chofiira, sangailole kunyamuka asanalankhule pa telefoni ndi mnzake wa pa siteshoni yotsatira ndi kumva kuti njira ili yopanda kanthu. Mawu amenewo alembedwa m'buku pamodzi ndi nthawi yake. Ana ena atembenuza zitsulo za pa mphambano kuti sitima ilowe mzere woyenera, nakonza zizindikiro zimene dalaivala aziwerenga. Zonse zikatha, mpamene wachipewa chofiira akweza kachikwangwani kake, sitima ninyamuka.

Wina angafunse kuti, nanga aakulu ali kuti? Alipo ndithu. Njanjiyi ndi ya MÁV, kampani ya boma ya njanji za ku Hungary. Oyendetsa injini ndi aakulu, okonza njanji ndi mabogi ndi aakulunso, ndipo pa siteshoni pakhala munthu wamkulu woona kuti ana sakuphonya lamulo. Komabe iye sawalanda ntchito yawo. Aisiya m'manja mwawo, iye nangoyang'anira.

Si mwana aliyense angavale yunifomu imeneyi. Wofuna kulowa ayenera kukhala wokhoza bwino m'kalasi, ndipo makolo ake ndi aphunzitsi ake ayenera kuvomera. Pambuyo pake aphunzira malamulo a njanji, zizindikiro ndi kagulitsidwe ka matikiti kwa miyezi ngati inayi, nalemba mayeso. Akakhoza, agwira ntchito tsiku limodzi pa masabata awiri aliwonse kapena kupitirira pang'ono. Tsikulo likagwa pa tsiku la sukulu, aloledwa kujomba, koma zimene anzake aphunzira ayenera kuzipeza yekha.

Apa ndipo pagona yankho la funso lathu. Makolo akwera sitimayi mtima uli m'malo, osati chifukwa ana a ku Budapest anabadwa ndi nzeru zoposa za ana ena, koma chifukwa aphunzitsidwa, ayesedwa, ndipo aliyense adziwa kuti sangadumphe lamulo ngakhale limodzi. Ife a pano, amene ambiri taposa kale zaka 14, tidandaula kawirikawiri kuti aakulu satikhulupirira pa zinthu zazikulu. Tikumbukire kuti mwana wachipewa chofiira uja anayamba ndi kuwerenga chenje molondola ndi kufika pa nthawi yake. Woliza belu, wosunga makiyi a laibulale ndi woyang'anira chipinda chogona ali pa mayeso omwewo tsiku ndi tsiku.