Safunsa Anadya Phula: Mawu kwa Olowa Kumene pa Yunivesite

Chaka ndi chaka anyamata ndi asungwana amene akhoza bwino mayeso a Fomu 4 amanyamula masutikesi awo kupita ku Zomba, ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Thyolo kukayamba maphunziro a pa yunivesite. Makolo amawaperekeza mpaka pa depoti ndi chimwemwe chachikulu, ena atagulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga kuti mwana apeze yoyendera. Koma n'zomvetsa chisoni kuti ena mwa ana amenewa amabwerera kumudzi pakutha pa chaka choyamba atachotsedwa chifukwa cholephera mayeso. Kawirikawiri nzeru amakhala ali nazo ndithu. Chimene chimawasowa ndi munthu wowalozera njira.

Pamene Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu 1965, ophunzira analipo pafupifupi 90 okha. Iwo analibe anzawo owatsogolera, koma pagulu lochepa chotero kunali kwapafupi kuti mphunzitsi aone amene akutsalira. Koleji ya Chancellor inasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo kuchokera mu 2021 dziko lino lili ndi mayunivesite aboma 6. Masiku ano kalasi imodzi ya chaka choyamba imatha kukhala ndi ophunzira mazana angapo. Pachikhamu chotere mphunzitsi sangathe kudziwa kuti wakhala kumbuyo uja wasokonezeka. Apa ndi pamene wophunzira wa chaka chachitatu kapena chachinayi amakhala wofunika kwambiri.

Tiyenera kukumbukira kuti maphunziro a kusekondale ndi a pa yunivesite ndi osiyana. Kusekondale mphunzitsi amalemba notsi pabolodi, ana n'kukopera, ndipo wojomba amafunsidwa chifukwa chake. Pa yunivesite mphunzitsi amalankhula kwa ola lathunthu, n'kupereka mndandanda wa mabuku oti aliyense akawerenge payekha, basi wapita. Palibe belu lodzutsa munthu kuti akawerenge. Ndiponso ntchito zolemba ndi timayeso ta mkati mwa semesita zimaonkhetsedwa pamodzi ndi mayeso otsiriza, kotero kuti amene wataya milungu yoyambirira akuyendayenda m'tauni amalowa m'chipinda cha mayeso atagwa kale.

Amene anadutsamo amadziwa zonsezi. Angathe kutenga mnzake watsopano kupita naye kulaibulale ndi kumuonetsa m'mene nambala yolembedwa pamsana pa buku imalozera shelefu pamene bukulo lili. Angamuonetse kalembedwe ka notsi pamene mphunzitsi akulankhula mofulumira, kuti asalimbane ndi kulemba mawu aliwonse koma atole mfundo zikuluzikulu zokha. Angamuphunzitse kutchula mwini buku ndi chaka chimene linasindikizidwa pamene wabwereka maganizo ake, chinthu chimene ambiri sanachiphunzire kusekondale. Angakhale naye pansi ndi mapepala a mayeso a zaka zapitazo, n'kumusonyeza kuti funso lofuna kufotokoza limayankhidwa mosiyana ndi funso lofuna kuyerekeza zinthu ziwiri. Koposa zonse angamulimbitse mtima kuti akagogode pa ofesi ya mphunzitsi, poti ambiri obwera kumene amaopa chitseko chimenecho ngati cha bwalo la milandu.

Chimene chimalepheretsa ambiri kufunsa ndi manyazi. Mwana amene ankakhala nambala wani kusukulu kwawo, amene mudzi wonse unamuvinira, amaona ngati kufunsa n'kudzitsitsa. Wina wochokera kusukulu yakumudzi amaopa kuti amuseka chifukwa cha Chingerezi chake. Onsewa akumbukire kuti mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Komabe thandizo lili ndi malire ake. Pali ophunzira ena amene m'malo mopempha kuwaunikira, amapempha ntchito imene mnzawo analemba chaka chatha, n'kusintha dzina lokha. Ena amalipira munthu kuti awalembere, ndipo masiku ano ena amangouza makina a pa intaneti kuti awalembere zonse. Kumeneku ndi kuba, ndipo malamulo a mayunivesite amapereka chilango chachikulu kwa wopezeka akuchita zimenezi, mwina mpaka kuchotsedwa sukulu. Ngakhale asagwidwe, tsiku la mayeso amakhala yekha ndi cholembera chake. Dziko nalo limaluza, pakuti dokotala, injiniya kapena mphunzitsi amene anadutsa ndi nzeru zobwereka adzaika miyoyo ya anthu pangozi.

Nawonso notsi akale si odalirika nthawi zonse. Maphunziro amasinthidwa, aphunzitsi amasintha, ndipo wamkuluyo angakhale kuti nayenso sanamve bwino mfundo ina. Zimene wanena ziyesedwe ndi buku komanso ndi zimene mphunzitsi akuphunzitsa chaka chino. Posankha wothandiza, wophunzira ayang'ane amene amapezeka kulaibulale, osati amene amatchuka kumalo omwera mowa. Asungwana achenjere ndi anyamata amene amabwera ndi notsi m'manja koma mumtima ali ndi zolinga zina. Thandizo lofuna malipiro otere likanidwe poyera, ndipo wovutitsa akanenedwe kwa akuluakulu oyang'anira ophunzira.

Kwa inu amene mwakhalitsa pa yunivesite, tikuti udindo uwu ndi wanu. Khalidwe lozunza ndi kunyoza obwera kumene silisonyeza uchikulire ayi. Inunso munafika tsiku lina musakudziwa kumene kuli chipinda chophunziriramo, ndipo alipo amene anakulozerani. Ola limodzi pamlungu limene mungapatule kuti mukhale pansi ndi achinyamata atatu kapena anayi silingakulepheretseni mayeso. Ndipotu pofotokozera wina mfundo, inunso mumaimvetsa bwino koposa kale.

Tikupemphanso akuluakulu a mayunivesite athu kuti asasiye nkhaniyi m'manja mwa mwayi. Dipatimenti iliyonse ingathe kusankha ophunzira akhama ndi amakhalidwe abwino, n'kupatsa aliyense kagulu ka obwera kumene koti aziyang'anira kuyambira mlungu woyamba. Malo a pa yunivesite ndi ochepa, ndipo ambiri amene amakhoza bwino sapeza mwayi wolowa. Choncho mwana amene walowa asabwerere kumudzi chifukwa chosowa womufunsa.