Chilango Chikatha, Munthu Abwerere Pakati pa Anzake

Amayi anzanga, ambiri a inu njira ya kundende mukuidziŵa. Ena mwaiyenda mutasenza dengu la nsima ndi ndiwo, kukazonda mwamuna, mwana kapena mlongo wanu, uku mukuŵerenga miyezi yotsala. Koma kodi munthu akatuluka, chilango chake chimathera pachipata pomwepo? Nkhani ya m'chigawo cha Florida, ku America, itithandiza kulingalira funso limeneli.

Malamulo a Florida a chaka cha 1868 analanda ufulu woponya voti munthu aliyense wopezeka ndi mlandu waukulu. Mu 2011 boma la chigawocho linakhwimitsa zinthu: munthu akatsiriza chilango, ankadikira zaka 5 kapena 7 asanaloledwe kupempha chifundo kwa Bwanamkubwa, ndipo yankho linkachedwa zaka zinanso. Pofika 2018, anthu otere analipo pafupifupi 1,400,000. Ambiri a iwo ankagwira ntchito, kukhoma msonkho ndi kulera ana, koma tsiku la chisankho ankangopenya anzao ali pamzere.

Mmodzi wa iwo anali Bambo Desmond Meade. Mankhwala ozunguza bongo anaŵaloŵetsa m'ndende, ndipo atatuluka analibe ngakhale pogona. Mu 2005 anakaima panjanji kudikira sitima kuti iŵaponde, koma sitimayo sinabwere. Anaoloka njanjiyo nakafuna chithandizo, nabwerera kusukulu, kufikira mu 2014 anatsiriza maphunziro a zamalamulo. Tsono mu 2016 akazi ao, Mayi Sheena Meade, anaima pa chisankho cha aphungu a Nyumba ya Malamulo ya Florida. Alendo osaŵadziŵa n'komwe anali ndi ufulu woŵasankha, koma mwamuna wao wa m'nyumba analibe. Inu amene muli pabanja mungathe kumva kuŵaŵa kwa chinthu chotere.

Mutu umodzi susenza denga. Bamboŵa, potsogolera bungwe la Florida Rights Restoration Coalition, anayenda ndi anzao m'matchalitchi ndi m'misika nasonkhanitsa maina a anthu oposa 760,000 opempha kuti lamulo lisinthe. Pa 6 Novembala 2018, anthu pafupifupi 65 mwa 100 alionse amene anavota anavomera kuti wotsiriza chilango abwezeredwe ufulu wake, kupatula opha anthu ndi a milandu yogwirira. Pa 8 Januwale 2019, Bambo Meade anakalembetsa m'kaundula wa ovota.

Komatu chimwemwe sichinakhalitse. Chaka chomwecho aphungu anakhazikitsa lamulo lina lakuti munthu ayambe walipira chindapusa, ndalama za bwalo la milandu ndi chipukuta misozi, ndiye alembetse. Mu Seputembala 2020 bwalo la apilo linagwirizana ndi lamulolo. Choipitsitsa, boma linalibe kaundula mmodzi wosonyeza ngongole ya aliyense, kotero ambiri anaopa kulembetsa kuti angapalamulenso. Bungwe lija linasonkhetsa ndalama nililipirira anthu zikwizikwi, komabe ochuluka anatsalira.

Taganizani, amayi. Anthu aŵiri apalamula mlandu umodzi natsiriza zaka zofanana. Wolemera alipira, navota. Wosauka akhala kunja. Pamenepo chimene chikulangidwa si mlandunso ai, koma umphaŵi. Ndipo ngongole yotere ikaloŵa m'nyumba, mukudziŵa amene amaisenza: ndi mayi yemwe uja ankanyamula dengu, amene tsopano ayenera kusankha pakati pa ufa, fizi ya ana ndi chindapusa.

Mwina wina anganene kuti, nanga wolakwiridwa uja? Funso limenelo n'loyenera, pakuti misozi ya wobedwa kapena womenyedwa si yamaseŵera. Koma muyeso wa chilango amauika ndi woweruza, atamva mbali zonse. Muyesowo ukadzaza, kuonjezera china mpaka imfa sikubweza mbuzi yobedwa. Munthu amene amuuza kuti mau ake alibe ntchito m'mudzi, sachedwa kuona mudziwo ngati wa eni ake.

Kuno kwathu lamulo lili patsogolo pa nkhani imeneyi. Gawo 77 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malaŵi limapatsa ufulu wovota nzika ya zaka 18 kapena kuposa, ndipo kukhalapo m'ndende si chimodzi mwa zifukwa zoletsera. Oletsedwa ndi amene lamulo laŵapeza kuti mutu sukuyenda bwino, amene ali pa chilango cha imfa, ndi opalamula mlandu wa chisankho, pa chisankho chokhacho. Ku Zambia nako akaidi anaponya voti pa chisankho cha 2021.

Chotsala tsono chili m'manja mwathu. Lamulo lingatsegule khomo, koma ife nkulitseka ndi manong'onong'o a pachitsime ndi dzina lija lakuti "mkaidi". Wanu akabwera, muthandizeni kupeza chitupa cha unzika, mumkumbutse nthaŵi ya kalembera, ndipo pamsonkhano wa kwa amfumu kapena wa kumpingo asakhale kumbuyo ngati mlendo. Akakhala wa mnansi wanu, muchite chimodzimodzi, pakuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.