Kasungidwe ka Makiyi Osaoneka

Aliyense wa ife amene tigona pa sukulu pano adziwa kufunika kwa kiyi. Ena timanga kiyi wa bokosi pa chingwe ndi kumvala m'khosi, ena timbisa m'nsapato. Ine ndinataya wanga ndiri Fomu 1, ndipo ndinalira ndithu. Koma madzulo ake aphunzitsi oyang'anira kogona anadza ndi hamala, naphwanya loko, ndipo zovala ndi shuga wanga ndinazipeza ziri bwinobwino. Lero ndifuna kukuuzani, anzanga, za kiyi wa mtundu wina, amene akatayika palibe hamala ingathandize.

Ambiri tidziwa masamba a mchezo onga Facebook. Kumeneko mwini nyumba ndiye kampani. Mukaiwala mau anu achinsinsi, kampaniyo ikutumizirani nambala pa foni, ndipo mulowanso. Komatu mwini nyumba yemweyo akhoza kukutsekerani kunja tsiku liri lonse. Kaamba ka ichi anthu ena anamanga masamba a mchezo opanda mwini mmodzi. Eugen Rochko wa ku Germany anayamba Mastodon mu 2016; munthu wodziwika ndi dzina loti fiatjaf anayamba Nostr mu 2020; ndipo Bluesky inatsegulidwa kwa anthu onse mu 2024. Ine ndinena kwambiri za Nostr, pakuti kumeneko ndiko bvuto la makiyi lioneka poyera.

Pa Nostr palibe ofesi yolembetsako dzina. M'malo mwake munthu akhala ndi makiyi awiri, wina wobisa, wina woonetsa. Nzeru imeneyi anaifalitsa Whitfield Diffie ndi Martin Hellman ku America mu 1976. Kiyi wobisa si chitsulo ai, koma nambala yaikulu zedi, imene malemba ake angafike 78, ndipo foni iisankha mwa maere. Kuchokera pa nambala imeneyi foni iwerengera kiyi woonetsa. Kuwerengera kotere kufanana ndi kugaya chimanga: kusandutsa chimanga ufa nkosavuta, koma ndani angabweze ufa kuti ukhalenso chimanga? Chotero wodziwa kiyi wanu woonetsa sangathe kupeza wobisayo.

Kiyi woonetsa ayamba ndi malemba npub, ndipo ndiye dzina lanu limene mupatsa anzanu. Kiyi wobisa ayamba ndi nsec, ndipo ali ngati chidindo cha mfumu. Uthenga uli wonse umene mulemba udindidwa ndi kiyi ameneyu, kenaka makompyuta ambirimbiri otchedwa relay aunyamula. Aliyense wolandira akhoza kuyesa chidindocho ndi npub yanu, natsimikiza kuti wolemba ndinudi. Relay imodzi ikakukanani, mungopita ku ina, dzina lanu liri lomwelo.

Ufulu wotere ukoma, koma akulu anati walira mvula walira matope. Matope ake ndi atatu. Loyamba, kiyi wobisa akatayika, dzina lanu latayika naye. Msuweni wanga anaberedwa foni m'minibasi asanalembe nsec yake pena pali ponse. Anzake onse amene anawapeza kwa chaka chathunthu anayamba kuwafunanso mmodzimmodzi ndi dzina latsopano, ndipo ena anamkayikira kuti ndi wonyenga. Lachiwiri, wina akaona kiyi wanu, akhoza kulemba zonyansa m'dzina lanu, ndipo simungamlande pakusintha mau achinsinsi, chifukwa kiyiyo ndiye dzinalo. Lachitatu, npub ndi nsec ziri ndi malemba 63 iri yonse, osokonezeka ngati mapazi a nkhuku. Mlendo wongofika kumene angaloweze bwanji zotere? Ambiri angoona, nabwerera.

Tsono amisiri a makompyuta akhala akufuna njira zopeputsira mlendo katunduyu. Nazi zina mwa izo.

Njira yoyamba ndiyo malemba omwewo a npub ndi nsec. Poyamba makiyi onse awiri ankalembedwa mofanana, malemba 64 opanda chizindikiro, ndipo kunali kwapafupi kuti munthu aonetse wobisa poyesa ndi woonetsa. Tsopano mutu wa kiyi unena wokha kuti ndi uti, ndipo pulogalamu yabwino ichenjeza munthu asanamwaze nsec yake pagulu.

Yachiwiri ndiyo kupanga kiyi kuchokera ku mau 12 wamba. Njira imeneyi inachokera kwa anthu a Bitcoin mu 2013, ndipo mauwo atengedwa pa mndandanda wa mau 2048. Kulemba mau 12 m'kope nkwapafupi kuposa kukopera malemba 63. Koma mndandandawu ulipo m'Chingerezi, Chifalansa, Chipwitikizi, Chijapani ndi zinenero zina zowerengeka. Wa Chichewa palibe. Ndiye ife tiyenera kusamala kalembedwe ka liu liri lonse ndi ndondomeko yake, monga tichita pa mayeso a sipelo, pakuti mukasinthanitsa mau awiri simupezanso kiyi wanu.

Yachitatu ndiyo kukhala ndi kalaliki wosunga chidindo. Mfumu yanzeru sipereka chidindo chake kwa aliyense wofuna kalata. Chidindo chikhala m'nyumba, ndipo makalata ndiwo adza kudzadindidwa. Momwemonso pali timapulogalamu monga nos2x ndi Alby pa kompyuta, ndi Amber pa mafoni a Android, timene tisunga nsec pa malo amodzi. Mapulogalamu ena onse angopempha kuti uthenga udindidwe, mwini nabvomera kapena kukana, koma kiyi weniweniyo samuona.

Yachinai ndiyo kutsekera kiyi m'bokosi lina ndi mau achinsinsi osankha mwini. Kiyi wotsekeredwa chotere ayamba ndi ncryptsec, ndipo wakuba akampeza sapindula kanthu popanda mauwo. Komabe mau akakhala apafupi, monga dzina la mudzi wanu, bokosilo liri ngati la makatoni.

Yachisanu ndiyo kugawa kiyi. Mu 1979 katswiri wa masamu Adi Shamir anaonetsa kuti chinsinsi chikhoza kudulidwa zidutswa, mwachitsanzo zisanu, kotero kuti zitatu ziri zonse zikakumana chibwerera, koma ziwiri zokha siziulula kanthu. Munthu angapatse chidutswa amai ake, china amalume, zina abwenzi. Mmodzi akataya chake palibe choopsa. Koma atatu akapangana zoipa, mwini wagwa m'mavuto.

Yotsiriza ndiyo kusungitsa kiyi kwa eni seva. Pa Mastodon ndi Bluesky mlendo alowa ndi mau achinsinsi monga anazolowera, ndipo makiyi asungidwa ndi seva imene wasankha. Bluesky ilolanso wodziwa zambiri kuikapo kiyi wakewake wamkulu, amene angabweze nako kusintha kolakwika pa dzina lake asanathe maola 72. Njira imeneyi njopepuka koposa zonse, koma taonani kuti tabwereranso kwa aphunzitsi a hamala aja: amene angakutsegulireni bokosi angathenso kulitsegula inu kulibe.

Apa ndipo pali phunziro la nkhani yonse. Palibe njira imene ichotsa katunduyu. Iri yonse ingomsenzetsa wina, kaya pepala, kaya pulogalamu, kaya abale, kaya seva. Chotero musanalowe pa tsamba lotere, dzifunseni kuti: kodi kiyi wanga asunga ndani, ndipo foni ikagwa m'madzi mawa ndidzatani? Ine ndiganiza kuti mlendo sachimwa kuyamba ndi njira yopepuka, malinga adziwe amene wamkhulupirira, ndi kuphunzira pang'onopang'ono kusunga yekha.

Kwa iwo amene adzasunga okha ndingoti: lembani kiyi wobisa pa pepala tsiku lomwelo, muike mapepala awiri m'malo osiyana ouma, kumene chiswe ndi mbewa sizifika. Musamjambule ndi foni, musamtumize kwa mnzanu ngakhale wa pamtima, ndipo munthu ali yense wopempha nsec yanu, ngakhale anene kuti afuna kukuthandizani, mumuyese mbala. Pamene simumvetsa, funsani aphunzitsi a kompyuta musanadine kanthu, pakuti safunsa anadya phula. Ife amene taphunzira kusunga kiyi wa bokosi m'khosi kwa zaka zinai, tisalephere kusunga kiyi wa dzina lathu.

Wophunzira wa Fomu 3