Kutsimphina kwa zithunzi: vuto lomwe lidagonjetsa makhadi awiri m'masewero a pakompyuta

Kwa zaka zoposa 15, kuyambira m'chaka cha 2004, makampani opanga zipangizo za kompyuta ankalimbikitsa anthu okonda masewero a pakompyuta kuti adzigula makhadi a zithunzi awiri kapena kuposera apo ndi kuwalumikiza m'kompyuta imodzi, ponena kuti kutero kufulumizitsa masewero awo.

Koma ambiri mwa anthu omwe adataya ndalama zawo motere adadabwa kuona kuti ngakhale manambala ankasonyeza liwiro lalikulu, zithunzi pa sikirini zinkayenda motsimphina, ngati munthu yemwe walasidwa ndi minga kuphazi. Vutoli akatswiri amalitchula kuti microstutter, kutanthauza chibwibwi chaching'ono cha zithunzi.

Khadi la zithunzi, lomwe m'masitolo limadziwika ndi dzina loti graphics card, ndi chipangizo chomwe chimajambula zonse zomwe munthu amaona pa sikirini pamene akusewera. Zomwe zimaoneka ngati zikuyenda, monga galimoto kapena wosewera mpira, kwenikweni zimakhala zithunzi zongoima zambirimbiri zomwe zimasinthana mofulumira kotero kuti diso limaona ngati chinthu chikuyenda.

Pachifukwa ichi, mphamvu ya khadi imayezedwa powerenga kuchuluka kwa zithunzi zomwe lajambula pa sekondi imodzi. Khadi lojambula zithunzi 30 pa sekondi limatulutsa chithunzi chilichonse pakatha mamilisekondi 33.3, pomwe lojambula zithunzi 60 limatero pakatha mamilisekondi 16.7. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi.

Maganizo ogwiritsa ntchito makhadi awiri adayamba ndi kampani ya ku America yotchedwa 3dfx, yomwe m'chaka cha 1998 idatulutsa khadi la Voodoo2. Makhadi awiri amtunduwu ankagawana mizere ya chithunzi chimodzi, lina mzere woyamba, lina wachiwiri, mpaka chithunzi chonse kutha.

Kampani ya Nvidia, yomwe idagula katundu wa 3dfx kumapeto kwa chaka cha 2000, idatsitsimutsa maganizowa mu 2004 pansi pa dzina loti SLI. Nayo kampani ya ATI ya ku Canada idabweretsa njira yake yotchedwa CrossFire mu 2005, chaka chimodzi isadagulidwe ndi AMD. Patapita nthawi zidayamba kutheka kulumikiza makhadi mpaka anayi.

Njira yomwe makampani onse awiriwa ankaidalira kwambiri inali yosiyana ndi ya 3dfx. M'malo mogawana chithunzi chimodzi, makhadi ankalandizana: loyamba lijambule chithunzi choyamba, lachiwiri chithunzi chachiwiri, loyamba lija chachitatu, choncho basi. Njirayi imatchedwa Alternate Frame Rendering ndipo ndi yomwe inkatulutsa manambala okwera kuposa njira zina zonse.

Aliyense yemwe adaonapo amayi awiri akusinja mumtondo umodzi akhoza kumvetsa msanga kagwiridwe ka ntchito kotere. Pamene munsi wina ukukwera, wina umakhala ukutsika, ndipo ntchito imayenda bwino pokhapokha ngati misi iwiriyo ikugwa motalikirana mofanana. Mayi mmodzi akangofulumira n'kumagwetsa munsi wake mnzake atangogwetsa kumene, kuchuluka kwa kagundidwe sikusintha, koma wodutsa panjira amamva kuti pamtondopo zinthu zasokonekera.

Izi ndi zomwe zinkachitika m'kompyuta. Makhadi awiriwo sankakhala ndi chowakakamiza kuti atalikirane mofanana, kotero kuti nthawi zambiri lachiwiri linkamaliza chithunzi chake loyamba litangomaliza kumene, kenaka n'kutsatira mpata wautali wopanda chithunzi chatsopano.

Mwachitsanzo, tiyerekeze kuti chithunzi china chatuluka pakatha mamilisekondi 5, chotsatira pakatha 28, kenaka 5, kenakanso 28. Zithunzi ziwiri zilizonse zikutenga mamilisekondi 33, zomwe zikutanthauza kuti pa sekondi imodzi patuluka zithunzi pafupifupi 60. Pulogalamu yowerenga idzalemba 60 ndipo siinama.

Komabe diso la munthu silitenga avereji. Chomwe limaona ndi mpata wautali uja wa mamilisekondi 28, womwe ukufanana ndi liwiro la zithunzi pafupifupi 36 pa sekondi. Chithunzi chomwe chakhala pa sikirini kwa mamilisekondi 5 okha chimangodutsa osathandiza kwenikweni. Choncho munthu yemwe adalipira makhadi awiri ankalandira zomwe sizinkasiyana kwambiri ndi za khadi limodzi, ndipo nthawi zina zinkaoneka zoipa kuposa pamenepo kaamba koti diso limazindikira msanga kusinthasintha kwa liwiro kusiyana ndi liwiro lotsika koma lokhazikika.

Pali chinthu chinanso chomwe chinkakulitsa vutoli. Pulogalamu ya masewero imawerengera malo omwe chinthu chilichonse chafika potengera nthawi yomwe yayamba kukonza chithunzi. Ngati chithunzicho chachedwa kapena chafulumira kuoneka pa sikirini, malo a chinthucho sagwirizananso ndi nthawi yomwe diso likuchiona. Galimoto yomwe imayenera kuyenda mwamyaa imaoneka ngati ikudumpha pang'ono kenaka n'kudikira.

Kwa zaka zingapo madandaulo a osewera sankamveka kwenikweni kaamba koti padalibe njira yodziwika yowatsimikizira. Magazini ndi masamba a pa intaneti oyesa zipangizo ankasindikiza avereji ya zithunzi pa sekondi, ndipo pa muyeso umenewu makhadi awiri ankapambana pafupifupi nthawi zonse. Wodandaula ankaoneka ngati wongokokomeza.

Zinthu zidayamba kusintha mu Sepitembala 2011 pomwe mkonzi wa tsamba la The Tech Report, Scott Wasson, adasindikiza nkhani yotchedwa Inside the Second. M'malo mowerenga zithunzi za pa sekondi yonse, iye adayeza nthawi yomwe chithunzi chilichonse pachokha chinkatenga, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Fraps. Zotsatira zake zidaonetsa kuti pa makhadi awiri nthawizo zinkakwera ndi kutsika ngati mano a sowo, ndipo izi zinkachitika pa zipangizo za makampani onse awiri.

Fraps idali ndi chofooka chake. Iyo inkayeza pamene masewero apereka chithunzi kuti chikajambulidwe, osati pamene chafika pa sikirini. Pofuna kutseka mpatawu, mu Malichi 2013 Nvidia idatulutsa zida zoyezera zotchedwa FCAT, zomwe zinkapaka mtundu wosiyana m'mbali mwa chithunzi chilichonse, kenaka kompyuta ina n'kujambula zonse zomwe zikupita ku sikirini kuti ziwerengedwe chimodzichimodzi.

Masamba oyesa zipangizo, kuphatikizapo la PC Perspective lomwe linkatsogoleredwa ndi Ryan Shrout, adapeza kuti pa CrossFire zithunzi zambiri zinkangotenga mizere yochepa chabe ya sikirini zisadalowedwe m'malo ndi zina, ndipo zina sizinkaoneka n'komwe. Zithunzi zopinimbirazi, zomwe adazitcha runt frames, zinkawerengedwa pa avereji ngakhale kuti wosewera sankapindula nazo. Atazichotsa pa chiwerengero, m'masewero ena phindu la khadi lachiwiri lidatsala lochepa zedi.

Ngakhale kuti zida zoyezerazo zidachokera kwa kampani yopikisana nayo, AMD idavomereza kuti vuto lidalipo. Panthawiyo kampaniyi idali itangotulutsa khadi la Radeon HD 7990, lomwe lidali ndi mitima iwiri pa bolodi limodzi ndipo linkagulitsidwa pa mtengo wa madola 999 a ku America, mtengo wofanana ndi wa GeForce GTX 690 ya Nvidia yomwe idatuluka mu 2012.

Mu Ogasiti 2013, AMD idatulutsa pulogalamu yoyendetsa makhadi yotchedwa Catalyst 13.8, yomwe idabweretsa njira yotchedwa frame pacing. Njirayi imagwira chithunzi chomwe chafulumira ndi kuchichedwetsa pang'ono kuti chigwe pakati penipeni pa zinzake. Nvidia idali kale ndi njira yofanana nayo yomwe inkaitchula kuti frame metering. Kumapeto kwa chaka chomwecho, makhadi a Radeon R9 290 adasiya kugwiritsa ntchito kachingwe kolumikizira makhadi pamwamba ndipo adayamba kutumizirana zithunzi kudzera pa PCI Express.

Kukonzaku kudathandiza kwambiri, koma kudasiya mavuto ena omwe adali m'maziko a njira yolandizana. Loyamba ndi loti khadi lililonse linkatengabe nthawi yake yonse kujambula chithunzi. Makhadi awiri otulutsa pamodzi zithunzi 60 pa sekondi ankatenga mamilisekondi pafupifupi 33 pa chithunzi chilichonse, kotero kuti nthawi yochokera pamene wosewera wadina batani kufika pamene zotsatira zaoneka siinkafupika monga momwe manambala ankalonjezera.

Lachiwiri ndi la memory. Popeza khadi lililonse linkafunika kusunga zonse zofunika pojambula, makhadi awiri a 4GB lililonse sankapanga 8GB koma 4GB yomweyo. Lachitatu ndi magetsi ndi kutentha: khadi la mitima iwiri la Radeon R9 295X2 la mu 2014 linkafuna mawati 500 ndipo linkaziziritsidwa ndi madzi.

Kuwonjezera apo, masewero aliwonse ankafunika kuti Nvidia kapena AMD iwakonzere malangizo akeake m'pulogalamu yoyendetsa makhadi. Masewero atsopano akatuluka malangizowo asadakonzedwe, khadi lachiwiri linkangokhala likudya magetsi osagwira ntchito.

Chomwe chidamaliza nkhaniyi ndi kusintha kwa kapangidwe ka masewero. Opanga masewero adayamba kugwiritsa ntchito njira zomwe zimatenga mbali ya chithunzi chapitacho pokonza chatsopano, monga njira yosalaza m'mphepete mwa zinthu yotchedwa temporal anti-aliasing. Pa khadi limodzi izi sizivuta, koma pa makhadi olandizana chithunzi chapitacho chimakhala pa khadi lina, choncho khadi limayenera kudikira mnzake kuti amalize ndi kutumiza. Kudikiraku kumachotsa phindu lenileni lokhala ndi makhadi awiri.

Kampani ya Microsoft itatulutsa DirectX 12 mu 2015, udindo wogawa ntchito pakati pa makhadi udachoka m'manja mwa opanga makhadi n'kupita kwa opanga masewero. Masewero a Ashes of the Singularity a mu 2016 adaonetsa kuti nkotheka ngakhale kuphatikiza khadi la AMD ndi la Nvidia, koma makampani ochepa okha ndi omwe adalolera kutaya nthawi ndi ndalama pa ntchito yothandiza ogula ochepa chotere.

Kuchokera pamenepo, njirayi idayamba kuzilala. Mu 2016 Nvidia idasiya kulimbikitsa makhadi oposa awiri ndipo khadi lake la GTX 1060 lidatuluka lopanda polumikizira SLI. AMD idasiya kugwiritsa ntchito dzina la CrossFire pa masewero atsopano mu 2017. Mwa makhadi a masewero a Nvidia omwe adatuluka mu 2020, RTX 3090 yokha ndi yomwe inkatheka kulumikizidwa ndi inzake, ndipo kampaniyi idaleka kukonza malangizo atsopano a SLI kuyambira mu Januwale 2021. Khadi la RTX 4090 la mu 2022 lidabwera lopanda polumikizira.

Izi sizikutanthauza kuti makhadi ambiri m'kompyuta imodzi adatha ntchito. Iwo akugwiritsidwabe ntchito kwambiri pokonza makanema, pa kafukufuku wa sayansi komanso pophunzitsa mapulogalamu a nzeru zopangidwa ndi makina. Pa ntchito zoterezi chofunika ndi kuti ntchito yonse ithe msanga, ndipo palibe diso lomwe likudikira chithunzi pa nthawi yake.

Nako kutsimphina kwa zithunzi sikudathe ndi SLI. Ngakhale pa khadi limodzi, masewero akhoza kudodoma pamene purosesa yalemedwa, pamene memory ya khadi yadzaza, kapena pamene kompyuta ikukonza timapulogalamu tojambulira totchedwa shaders masewero ali m'kati. Masikirini okhala ndi G-Sync, yomwe Nvidia idalengeza mu 2013, kapena FreeSync ya AMD yomwe idafika pamsika mu 2015, amachepetsa vutoli podikira chithunzi m'malo motsata nthawi yawo yokhazikika, koma sangabise mipata yosiyana kwambiri.

Phindu lalikulu lomwe lidatsala ndi kusintha kwa kayezedwe. Masiku ano oyesa zipangizo odalirika saonetsa avereji yokha, koma amaonetsanso liwiro la zithunzi zochedwetsetsa, zomwe amazitchula kuti 1% low, pamodzi ndi mzere wosonyeza nthawi ya chithunzi chilichonse. Mapulogalamu aulere monga PresentMon ya kampani ya Intel ndi CapFrameX amathandiza munthu aliyense kudziyezera yekha pa kompyuta yake.

Makhadi akale okhala ndi chizindikiro cha SLI kapena CrossFire akupezekabe pamsika wa zipangizo zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo mtengo wake wotsika ukhoza kukopa munthu kugula awiri. Wofuna kusewera masewero atsopano achita bwino kuphatikiza ndalamazo ndi kugula khadi limodzi lamphamvu, lokhala ndi memory yokwanira, ndipo asadalipire afunse osati kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi kokha, komanso ngati zithunzizo zikufika motalikirana mofanana.