Dzina la Mwala wa Carbonatite m'Chinyanja

Kum'mawa kwa Chongwe, m'chigwa cha Rufunsa, muli miyala ya carbonatite pa Kaluwe, Nachomba, Mwambuto ndi Chasweta, imene D.K. Bailey anaifotokoza mu 1960. Mwala wamtunduwu umafanana ndi wa njereza, pakuti mbali yake yoposa theka ndi carbonate, koma magwero ake ndi ena. Wa njereza kawirikawiri umaunjikana pang'onopang'ono pansi pa madzi, pomwe carbonatite ndi chiphalaphala chochokera pansi penipeni pa dziko, chimene chinazizira n'kuuma. Motero mphunzitsi woutchula kuti "mwala wa njereza" amasokeretsa ophunzira, nabisa chuma chake, monga fosifeti wopezeka pa Kaluwe. Ganizo lathu n'lakuti dzina lisonyeze magwerowo: "njereza ya chiphalaphala".