Alowam'malo mu Chinsenga, Chinyanja ndi Chidanishi: Pamene Wophunzira Amakhumudwa

1. Chiyambi

Ana ambiri a m'maboma a Petauke ndi Nyimba amayamwira Chinsenga, koma chiyankhulo cha Chiafirika chimene amachipeza m'mabuku a sukulu ndi Chinyanja, chimodzi mwa ziyankhulo 7 zimene boma la Zambia linasankha kuti ziziphunzitsidwa. Ndondomeko ya maphunziro ya mu 1996, Educating Our Future, inalimbikitsa zoti mwana ayambe kuwerenga m'chiyankhulo chimene akuchidziwa. Komatu Chinsenga si Chinyanja. Malcolm Guthrie anaziika padera, china N41 china N31, ndipo A. C. Madan mu 1905 ndi A. S. B. Ranger mu 1928 anachilembera Chinsenga mabuku akeake.

M'nkhani ino tiunika alowam'malo a dzina lakelake. Tayerekeza ndi Chidanishi, chiyankhulo cha ku Denmark, chifukwa kutalikirana kwake kukuonetsa poyera zimene chibale cha Chinsenga ndi Chinyanja chimabisa.

2. Maonekedwe

(1) Chinyanja: ine, iwe, iye, ife, inu
(2) Chinsenga: newo, wewo, yeve, sewo, mwewo
(3) Chidanishi: jeg, du, han kapena hun, vi, I

Chidanishi chimasiyanitsa mwamuna (han) ndi mkazi (hun), pamene iye ndi yeve salabadira zimenezi. Mndandanda wotere mwana aliyense akhoza kuuloweza. Vuto lagona pa kagwiritsidwe ntchito.

3. Mlowam'malo ndi mneni

M'Chidanishi mneni sasintha potsata mwininkhani: jeg er, du er, vi er. Motero mlowam'malo akachoka, sitidziwanso amene akunenedwa. M'Chinyanja ntchitoyi imagwiridwa ndi mgwirizanitsi wophatikizidwa ku mneni: ndili, uli, tili. Tikanena kuti "ine ndili", ndiye kuti tikutsindika kapena kusiyanitsa.

Mwana wa ku Nyimba lamuloli amalidziwa kale, pakuti Chinsenga chimayenda chimodzimodzi. Chomusokoneza ndi kamphatikiri kakang'ono: iye amati nili, buku likuti ndili. Akalemba nili, mphunzitsi amamuchongera cholakwa, chonsecho malamulo a chiyankhulo chake sanawaphwanye. Ni- yemweyu ndiye amamvekanso m'Chinyanja cha m'misewu ya Lusaka, choncho mwanayo amamumva ponseponse kupatula m'buku.

4. Ulemu

Chidanishi chili ndi mawu atatu: du kwa mmodzi, I kwa ambiri, ndi De wa ulemu. Kuyambira cha m'ma 1970, De wakhala akuzilala, mwakuti mwana amatchula mphunzitsi wake kuti du popanda wodabwa. Kwathu kuno mawu ndi awiri, ndipo wa unyinji ndiyenso wa ulemu: inu kapena mwewo. Wonena iwe kapena wewo kwa apongozi sanalakwe galamala yokha, wanyoza mudzi. Apanso Mnsenga safunika kuphunzitsidwa mwambo, koma kungouzidwa kuti pamene amati mwewo, buku limati inu.

5. Mathero

Wophunzira Chidanishi amayamba zonse mwatsopano. Mwana wa ku Petauke amafika m'kalasi atasenza kale dongosolo lonse, nangosowa mawu ochepa. Tikupempha okonza mabuku a aphunzitsi kuti aziika alowam'malo a ziyankhulo ziwirizi moyandikana, ndipo aphunzitsi asiye kutchula nili kuti "Chinyanja chothyoka". Mwana amene wauzidwa kuti newo ndi cholakwa amayamba kuopa kudzitchula yekha, ndipo kalasi lonse limakhala duu.